Kakompyuta ka Apongozi Anga

Kakompyutako kanabwera pa minibasi yochokera ku Chipata, kali m'katoni yokulungidwa tepi mbali zonse. Katatsika pa boma la Chadiza, kanakwera njinga ya bambo wina wogulitsa sopo ndi mchere, n'kufika kwathu ku Zemba dzuwa litapendeka. Ndati kwathu, koma ndi kwawo kwa mkazi wanga. Ine kumeneko ndinali mkamwini, wa nyumba yakumapeto, yoyandikana ndi khola la nkhumba.

Anatumiza ndi alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, omwe anapita ku Joni ine ndisanalowe m'mudzimo. Sindinawaonepo. Foni ankaimba mwa apo ndi apo, ndipo akaimba, inkaduka asanafike n'pofunsa za mvula pomwe. Pakatonipo analemba kuti katunduyo ndi wa amayi awo, ndiye kuti apongozi anga.

Ndiyambe ndanena za ine. Ndinaphunzira kukonza mafoni ku Chipata kwa msuweni wanga, ndipo n'komwe ndinatengera matenda owerenga nkhani za makompyuta. Kuseri kwa mudzi wa mkazi wanga kuli chulu chomwe netiweki imagwira ukaima pamwamba n'kuyang'ana cha ku Mozambiki. Pamenepo ndi pomwe pankathera mabandulo anga. Ndinkawerenga za timakompyuta tokwana m'thumba la jekete, za mabatire okhalitsa moto, za memore, za timafani tosachita phokoso, kenako n'kujambula mawu anga n'kuwaponya pagulu la pafoni momwe munali aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi anamwino a m'makiliniki. Makina ambiri omwe ndinkaweruza ndinali ndisanawagwirepo, koma zimenezo sizinkandisowetsa tulo. Abusa nawonso amalalikira za kumwamba asanapondeko.

Ndinali wankhanza, ndipo nkhanza zangazo ndinkazinyadira. Ndemanga zanga pafupifupi zonse zinkathera pa mawu amodzi: musagule. Ahedi a pasukulu ya kumeneko atandibweretsera laputopu yawo yatsopano kuti ndiione, ndinanena pagulupo kuti ntchito yomwe ingagwire bwino ndi yotchinjiriza chitseko kuti mphepo isamachimenyetse. Teremu yonse sanandipatse moni.

Koma mkamwini sadya ndemanga. Ntchito yanga yeniyeni inali khasu, m'munda wa nshawa wa apongozi, ndipo ndinali nditatopa nalo mpaka m'mafupa. Mnzanga wina wometa tsitsi pa boma anali ndi kachipinda pambali pa shopu yake, kamagetsi, khomo lake loyang'ana kumsewu. Anati andisungira mpaka mvula yoyamba. Ikangogwa, akapereka kwa munthu wogulitsa mbewu yemwe ankamuchonderera kale. Ndinkakalota kachipindako usana ndi usiku: tebulo, mashelefu, chikwangwani cha utoto wabuluu. Kupita ndekha sikukanatheka. Mkazi wanga anali ndi pakati, ndipo mkamwini akasiya mkazi wotero n'kukakhala pa boma, mudzi wonse umati ukwati watha. Ndinkafunika chitengwa, chilolezo choti nditenge mkazi wanga tikakhale kumeneko.

Nkhaniyo ndinakaitula kwa atsibweni ake a mkazi wanga, eni mbumba. Anandimvetsera akusoka thumba la thonje, kenako anati, "Ine ndilibe mawu, akamwini. Mwini mwana ndi mlongo wangayo. Akavomera iye, inenso ndavomera."

Tsono vuto linali loti ine ndi apongozi tinali tisanayankhulanepo. Kumeneko mwambowu amausunga ndithu, makamaka mwana woyamba asanabadwe. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira kutchire la kumanja, iwo la kumanzere, n'kupatsana moni titafulatirana, moniwo tikuuponyera kumitengo. Tsiku lina ulemu unandilowetsa m'chitedze, ndinakanda mpaka madzulo. Nkhope yawo ndinkangoidziwa cham'mbali. Zomwe ndinkazidziwa bwino ndi mapazi awo komanso kutsokomola kwawo. Munthu wotere umamukopa bwanji? Ndinkangowakopa ndi thukuta: kufolera khitchini, kukonza khola, kupalira mizere yomwe sinali yanga. Thukutalo linkalandiridwa, yankho osabwera.

M'mawa mwake katoni ija itafika, mkazi wanga analowa m'nyumba akupukuta manja kuchitenje.

"Bambo, amayi akuti mukaone chinthu chija. Amva kuti inu ndiye woweruza makompyuta."

"Wawauza ndani?"

"Ahedi."

Apa ndinadziwa kuti ahedi aja sanaiwale.

Bwalo la mlanduwo linakonzedwa pankhokwe ya chimanga. Apongozi anayala mphasa mbali ya kum'mawa, ine anandiikira mpando mbali ya kumadzulo, nkhokwe ili pakati. Mkazi wanga ndiye anali mtenga, wozungulira nkhokweyo ndi mimba yake, kunyamula mafunso kubwera nawo kuno, mayankho kupita nawo uko. Panabukanso funso loti kodi mkamwini angalandire chinthu chomwe changochoka pamiyendo ya apongozi ake. Amayi achikulire awiri omwe anabwera kudzaonerera anakambirana n'kugwirizana kuti kakompyutako kaziyenda palichero. Kanandifika choncho, kali pakati pa lichero, pamwamba atavindikirapo kansalu koluka ka patebulo.

Ndinavundukula. Ndinkakadziwa kamtundu kameneka. Ndinali nditawerengapo za iko kalekale, ndipo ngakhale nthawi imeneyo, kali katsopano, oweruza anzanga akunja ankakanyoza. Kukula kwake kanali ngati buku la nyimbo za kutchalitchi. Sikirini inali yokandikakandika. Batani limodzi linali litachoka, patatsala kachitsa ka mphira. Pachivindikiro panali zomata za pepala lomwe wina anamatula mothamanga, ndipo pansi pake batire inali itatupa moti ukakaika patebulo kankagwedera. Chaja chake anachimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Awa ndi makina omwe masukulu a ku Joni amataya, anthu n'kumatola kukagulitsa mulumulu pamsika.

Ndinakayatsa. Kafani kam'kati kanayamba kulira ngati udzudzu wolowa m'khutu. Tinadikira. Mkazi wanga anakhala pansi n'kuyamba kusenda nshawa. Mbale itafika pakati, pasikirini panabwera mawu a Chingerezi ochenjeza kuti disiki yake yatsala pang'ono kufa, ndipo wofuna kupitirira adine batani lakutilakuti mwa kufuna kwake. Ndinadina. Tinadikiranso. Kenako panatuluka chithunzi: mwamuna wamtali, wa magalasi akuda, atatsamira galimoto yofiira.

"Achimwene!" anakuwa mkazi wanga, n'kulanda lichero kuthamangira nalo kuseri.

Kuseriko kunamveka kanthungululu kapansipansi. Patapita kanthawi lichero linabwerera, kakompyutako katazima kokha, kakutentha moti ukanawotcherapo chimanga.

"Amayi akuti mwakaona bwanji?"

Mawu anga aja oti musagule anali atafika kale pakhosi. Ndinkawamva akugogoda kumano. Mkazi wanga, yemwe amandidziwa kuposa mmene ndimadzidziwira, ananjuta pafupi nane n'kunong'ona kuti, "Bambo, kachipinda kaja."

Ndinameza malovu, n'kumezera limodzi ndi mawuwo.

"Kawauzeni kuti ndi kabwino."

Anapita, anabwera. "Akuti nanga kutenthaku?"

"Ndi ka kumayiko ozizira. Kamabwera ndi mbaula yake. Mwezi wa Juni adzakayamika."

Anapita, anabwera. "Akuti nanga kuliraku?"

"Kakupuma. Makina otchipa sapuma."

"Akuti kamachedwa bwanji kudzuka?"

"Ndi ulemu umenewo. Sikayankha akuluakulu mothamanga."

"Akuti pali dzino limodzi lachoka."

"Chilembo chimenecho m'Chichewa mulibe. Alamu anachichotsa dala kuti chisawasokoneze."

Ndinkadabwa nazo ndekha mmene zinkatulukira. Munthu yemwe ndinali ndisanayamikirepo makina alionse, tsiku limenelo pakamwa panga pankatuluka uchi wokhawokha. Muyenera kudziwa kuti nkhokwe si khoma la banki. Apongozi ankamva mawu anga onse momwe ndinkawanenera, inenso ndinkamva awo. Koma mwa mwambo palibe yemwe ankamva kanthu mpaka mkazi wanga atazungulira n'kukafika. Ndipo paja akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mawu anga ankanyamuka kuno ali owonda, kukafika uko atanenepa. Ine ndikati kabwino, iye ankakati kulibe kena kotere m'Zambia muno. Ndinkamva zonsezo, koma mwa mwambo womwewo sindinkamva, choncho sindikanatsutsa.

Funso lomaliza ndi lomwe linandipha.

"Akuti nanga kazimiranji kokha?"

Ndikananena kuti kagona, zikanathera pomwepo. Koma ndinaona mpata wodzikweza, kuti apongozi adziwe kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu woyenera pa boma, osati wa khasu. Ndinakonza kukhosi n'kunena kuti, "Makina apamwamba chonchi safuna munthu wamba. Amafuna wodziwa, wowasamalira tsiku ndi tsiku. Akagwiridwa ndi wina aliyense amanyanyala."

Mkazi wanga anazungulira, ndipo ndinamumva akuti, "Akuti m'Chadiza monse muno wodziwa kukasamalira ndi iwo okha."

"Eya," anatero apongozi. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati munthu yemwe wagula kale utoto wabuluu.

Kuyambira mawa lakelo ndinali ndi ntchito yatsopano, yowonjezera pa khasu lija. M'mawa uliwonse ndikatsegula chitseko ndinkapeza lichero pakhonde. Ndinkamangirira kakompyutako kumsana m'chitenje, chifukwa apongozi analetsa kukaika pakaliyala, n'kupalasa njinga kupita kugolosale ya sola kukatchaja. Amuna apabawo ankandifunsa ngati mwanayo wagona bwino. Madzulo ndinkakhala kumadzulo kwa nkhokwe, kukayatsa, kudikira, kudina batani lija, kudikiranso. Chithunzi chikangoti tulukiru, mkazi wanga ankanyamula lichero n'kuthamanga nalo, popeza batire yotupa ija sinkasunga moto nthawi yoti munthu n'kumaliza kapu ya tiyi. Apongozi ankamuyang'ana mwana wawoyo mpaka sikirini itada. Ntchito ya kakompyutako inali yomweyo basi. Sikanalembepo kalata, sikanawerengerepo matumba, netiweki sikankaidziwa n'komwe.

Masiku ena kunkabwera amayi a chigwirizano cha kutchalitchi, atavala mayunifomu awo, kudzaona mwana wa mnzawo. Ankakhala mzere pamphasa n'kumakangana ngati wanenepa kapena waonda poyerekeza ndi dzulo. Mayi wina analumbira kuti Lachiwiri anamwetulira kwambiri kuposa Lachinayi.

Musaganize kuti sindinayese kudzimasula. Ndinakopera chithunzicho m'foni mwanga, n'kupalasa mpaka pa boma kukachisindikiza papepala lonyezimira, ndi felemu yomwe. Chinapita kuseri kwa nkhokwe palichero, chinabwerera palichero pomwepo.

"Amayi akuti cha papepala n'cha anthu omwalira. Iwo akufuna choyaka."

Ndinayesa kuphunzitsa mkazi wanga kuyatsa. Ndi mabatani awiri okha, ngakhale mbuzi ingaphunzire. Anaphunzira, koma apongozi atamva anakalipa: kodi akamwini sananene okha kuti kakagwiridwa ndi munthu wamba kamanyanyala? Mwana wawo yemwe anam'bereka okha anasanduka munthu wamba chifukwa cha pakamwa panga.

Nkhani inafikanso pagulu lija la pafoni. Sindidziwa kuti inayenda bwanji, koma mudzi ulibe chitseko. Ahedi anatumiza mawu awo, aulemu kwambiri, ofunsa ngati laputopu yawo ija nayonso imapuma, kapena ndi ya gulu lotchipa. Alangizi ena anafunsa komwe angagule kompyuta ya mbaula nyengo yozizira isanafike. Kwa nthawi yoyamba ndinakwera pachulu paja n'kutsikapo osajambula mawu.

Uku kumwamba kunayamba kusintha. Kutentha kwa Okutobala kunafika poti nkhumba zinkangogona m'khola osalira. Masana mitambo inkaunjikana cha kum'mawa, madzulo n'kubalalika. Mnzanga wometa uja anandiimbira, nati wogulitsa mbewu uja wabweretsa kale sikelo yake kudzasungitsa.

Kenako atsibweni anabwera pa njinga yawo, n'kundiitanira pansi pa mtengo wa mango.

"Akamwini, nkhani yanu ija yayenda bwino kwambiri."

Ndinaomba m'manja mwaulemu.

"Mlongo wanga akuti pambumba ino sipanabwerepo mkamwini ngati inu. Akuti ndinu wanzeru, wodekha, wodziwa zinthu zakunja. Wakuyamikirani mpaka ine nsanje."

"Zikomo, atsibweni."

"Ndiye akuti sangakutayeni."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Akuti mukapita ku boma, adzamudzutsira mwana wake ndani? Inu nomwe munanena kuti m'Chadiza muno mulibe wina."

"Atsibweni, tikhoza kupita nako ku boma. Kuli magetsi, kazikakhala kokhuta moto nthawi zonse. Amayi azibwera kudzaona."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro. "Mutenge mwana wake wamkazi, mutengenso wamwamuna? Akamwini, mtima muli nawo?"

Anakwera njinga yawo n'kumapita. Ndinatsala pansi pa mango paja nditapsa mtima, ndipo choipa kwambiri chinali choti ndinalibe woukalira. Walira mvula walira matope. Ndinalowa m'nyumba n'kuyamba ndi yemwe anali pafupi.

"Ndinu munawonjezera! Ine sindinatchule Chadiza!"

"Munanena ndinu za munthu wamba," anatero mkazi wanga osatembenuka n'komwe. "Ine ndinangothira mchere. Ndiwo munaphika nokha."

Ndinaganiza usana wonse, n'kupeza kuti njira inalipo imodzi yokha. Chomwe ndemanga inamanga, ndemanga imasula. Ndikanena zoona, kuti kakompyutako ndi chinthu chakufa chosafuna katswiri aliyense, udindo wanga utha, ndipo palibe chifukwa chondisungira. Apongozi akwiya, inde, koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndinatuma mkazi wanga kukapempha bwalo lachiwiri. Ndinamva mphamvu zanga zakale zikubwerera. Ndinayeserera mawu anga kuseri kwa khola, nkhumba zikumvetsera.

Tsiku lake linali lotentha, mitambo itada bii cha kum'mawa, mphepo ikununkhira dothi. Mphasa inayalidwa uko, mpando kuno. Ulendo uno kunalibe oonerera. Mkazi wanga anabweretsa lichero, analiika pamiyendo panga, kenako anakhala pansi motsamira mwala wa nkhokwe n'kutambasula miyendo yake yotupa.

"Yambani," ndinatero. "Kawauzeni kuti ndakaonanso bwinobwino."

"Mawu awa sindinyamula, bambo. Anyamuleni nokha."

Ndinamuchonderera ndi maso, iye n'kuyang'ana kumbali. Chabwino. Ndinatembenukira kunkhokwe n'kuyamba kuyankhula ndi nkhokweyo. Mwambo suletsa munthu kuyankhula ndi chimanga.

Ndinachiuza chimangacho zonse. Ndinati kakompyutaka ndi kakale, kanatha ntchito anthu asanayambe n'kuyenda ndi mafoni ogwira pagalasi. Ndinati kutenthako ndi matenda, kulirako ndi fani yodzaza fumbi, kuchedwako ndi ukalamba. Ndinati batire yatupa ndipo tsiku lina idzaphulika. Ndinati batani lija silinachotsedwe dala, linagwa lokha m'manja mwa eni ake oyamba, kapena achiwiri, kapena achisanu. Mawu ankatuluka okoma, osalala, ngati pachulu paja. Ndinafika mpaka ponena kuti zoterezi ku Joni amazitaya kudzala, anthu osowa n'kumatola. Nditamaliza ndinapuma, ndipo ndinamva kupepuka.

Nkhuku inadutsa pansi pa nkhokwe, kuchoka mbali yawo kubwera mbali yanga, n'kundiyang'ana ndi diso limodzi.

"Akamwini."

Mawuwo sanadzere kwa mkazi wanga, sanaponyedwe kumitengo. Anabwera kwa ine, kwa nthawi yoyamba chilowereni m'mudzimo. Anali mawu aang'ono kuposa mmene ndinkaganizira.

"Wawa, amayi."

"Inu zinthu izi mumazidziwa. Ine sindizidziwa." Anatsokomola pang'ono. "Munthu akamatumizira amayi ake chinthu chotola kudzala, ndiye kuti kumeneko akudya?"

Nkhokwe ija inakhala pamiyala, ndipo nditawerama pang'ono ndinaona mapazi awo mbali inayo, zala zikukumba dothi. Masiku onsewa ine ndinkaweruza batire ndi fani. Iwo ankamvetsera za mwana wawo. Ndikati kabwino, ankamva kuti ali bwino. Ndipo panali chinthu china chomwe ndinali nditachiona pachithunzi chija tsiku lomwe ndinakachisindikiza, osauza munthu: m'dzanja lamanzere la alamu munali kansanza konyowa, ndipo pafupi ndi tayala la galimotoyo panali ndowa ya thovu. Galimotoyo sinali yawo. Ankangoitsuka.

Kachipinda kaja kanali pomwepo, m'manja mwanga. Ndikanangoti sindikudziwa, amayi, basi. Silikanakhala bodza n'komwe. Ndinayang'ana mkazi wanga. Sanandinong'oneze kanthu ulendo uno, ankangoyang'ana pansi, milomo ataluma.

"Amayi," ndinatero, "mundikhululukire, ndinayang'ana molakwika. Kutenthaku kwandisokoneza mutu. Vuto ndi batire yokha, ndipo imeneyo ndiichotsa, kazigwira ntchito ndi sola. Kotsalako n'kabwino."

"Nanga zakudzala zija?"

"Ndimanena za makina ena ofanana nako. Aka ayi. Chinthu chotere sagula munthu wovutika. Alamu akudya bwino, amayi."

Zala zija zinasiya kukumba.

"Eya," anatero. "Inenso ndimaona choncho. Wanenepa m'masayamu." Kenako anati, "Tam'dzutsaniko, akamwini, ndimuone mvula isanabwere."

Ndinadina batani. Kafani kanayamba kulira. Ndikudikira mawu a Chingerezi aja, ndinadziwa kuti kachipinda kaja ndakapereka kwa wogulitsa mbewu ndi pakamwa panga, kachiwiri, ndipo ulendo uno ndikudziwa chomwe ndikuchita. Zinandiwawa kwambiri. Ndinganame ndikati sizindiwawanso ndikamadutsa pa boma n'kuona matumba a mbewu ataunjikidwa pakhomo paja.

Chithunzi chitatuluka, mkazi wanga anadzuka movutikira, ananyamula lichero n'kuzungulira nalo. Kum'mawa kunagunda. Madontho oyamba, akuluakulu, anayamba kumenya udzu wa nkhokwe. Atabwerera anaima pambali panga, n'kuika dzanja paphewa langa kanthawi ndithu, maso ali ofiira.

"Tiyeni, bambo," anatero kenako. "Kanoleni makasu. Mawa tikudzala."